Fungo lija silinkachokera m'makatani

Kwa milungu itatu mlandu unali wa makatani. Tikangoyatsa eyakoni, makina oziziritsa mpweya a kuchipinda chogona, pa mphindi ziwiri kapena zitatu zoyambirira munkamveka kafungo ka chuku, konga ka thaulo loiwalika m'chikwama lili chinyowere. Kenako kankatha, kapena mwina ndi mphuno imene inkangotopa n'kusiya kudandaula. Mayi a kunyumba anachapa makatani onse. Ine ndinakoka bedi n'kusuzumira kuseri, ndili ndi chikhulupiriro chonse choti ndipezako khoswe wakufa. Matiresi anaswera padzuwa tsiku lathunthu. Usiku wake titayatsa makina, fungo lija linangolowa ngati mlendo wodziwa pakhomo.

Amene anaulula chinsinsi ndi mwana wathu wamng'ono. Tsiku lina atagona chagada pabedi, ankayang'ana kachitseko kowongolera mphepo kakutseguka pang'onopang'ono, ndiye anati, "Adadi, m'kamwa mwa eyakoni muli nyerere zosayenda." Ndinakwera pampando, tochi ya pafoni ili m'manja. Sizinali nyerere. Tinali timadontho takuda, tina totuwa, titamwazika pa pulasitiki yoyera ya potulukira mphepo. Nditaunika chamkati ndinaona chinthu chomwe kwa zaka ziwiri sindinkadziwa n'komwe kuti chilipo: fani yaitali yooneka ngati kamgolo kowonda, yogona chopingasa kuchokera mbali ina ya makina kukafika mbali inayo, yokhala ndi timapiko tambirimbiri. Kapiko kalikonse kanali katamera ubweya wakuda. Ndinapisako kamtengo kokulunga thonje, kanatuluka kali bii, konyowa. Mpweya wonse umene tinkapuma usiku unkadutsa pamenepo.

Chinandiwawa kwambiri n'chakuti ndinkadziona ngati munthu wosamala zinthu. Mafyuluta, timaukonde tosefa fumbi la mumpweya, ndinkawatsuka, ndipo ndinkanyadira zimenezo. Mmisiri amene ndinamuitana, bambo wachikulire wosachulutsa mawu, anasolola mafyulutawo, kuwayang'ana powala, n'kugwedeza mutu.

"Awa ndiye mumawasamaladi, bwana. Koma mukafuna kuchoka, makinawa mumawazimitsa bwanji?"

"Ndimangodina batani pa rimoti."

"Basi?"

"Basi, nanga pali zinanso?"

Anaseka pang'ono. "Ndiye kuti tsiku ndi tsiku mumawatsekera ali chinyowere. Kodi zovala zanu mumapinda zisanaume?"

Funso limenelo ndi limene linanditsegula mutu. Ambirife eyakoni timaitenga ngati chinthu chopanga kuzizira, ngati kuti mkati mwake muli nkhokwe ya chisanu. Koma ntchito yake ina, yomwe siioneka, ndi yokama madzi mumpweya. Ndipotu inabadwira ntchito imeneyi. Mu 1902 injiniya wa zaka 25 dzina lake Willis Carrier anapatsidwa vuto la kampani yosindikiza ya Sackett-Wilhelms ya ku Brooklyn mumzinda wa New York. Vutolo silinali la antchito kutuluka thukuta ayi. Mapepala ndiwo ankafufuma ndi kunyala potsatira chinyezi cha mumpweya, ndipo popeza mitundu ya inki inkadindidwa umodziumodzi, wachiwiri sunkagweranso ndendende pamene pagwera woyamba. Carrier anakonza makina odutsitsa mpweya pa mapaipi ozizira kuti chinyezi chitsike. Kuzizira kumene ife timakugulira makinawa kunabwera ngati mphatso ya pambali.

Zimene zimachitika mkatimo n'zomwe mumaona pa tambula ya madzi ozizira tsiku lotentha, ikayamba kuchita thukuta kunja kwake. Mpweya wotentha umanyamula madzi ambiri kuposa wozizira. Pa madigiri 30, kiyubiki mita imodzi ya mpweya itha kusunga magalamu pafupifupi 30 a madzi. Pa madigiri 10 imangokwanitsa pafupifupi magalamu 9. Kuseri kwa mafyuluta kuli koyilo, timapaipi ta kopa todutsa m'timapepala topyapyala ta aluminiyamu, ndipo mkati mwa timapaipito mumayenda gasi wozizira kwambiri. Mpweya wa m'chipinda ukakhudza koyiloyo umazizira mwadzidzidzi, madzi omwe sungathenso kuwanyamula n'kutsala pamenepo ngati mame. Mamewo amayenderera n'kugwera m'kathireyi kali pansi pa koyilo, kenako n'kutuluka panja kudzera pa paipi yopyapyala ija imene imadontha kuseri kwa nyumba. Mmisiri uja atapita ndinatchera ndowa pa paipiyo usiku wina wa chinyezi, kungofuna kudzionera. M'mawa ndinapeza malita oposa anayi. Madzi onsewo anali atadutsa m'bokosi loyera lomwe lili pamwamba pa mitu yathu.

Chichewa chinaona kale ubale umenewu. Nkhungu imene imaphimba mapiri m'mawa ndi nkhungu imene imamera pa nsapato zosungidwa m'kabati tinazipatsa dzina limodzi, ndipo zonse ndi ana a chinyezi. M'makina muno yoyamba ija ndiyo imabala yachiwiri.

Timbewu ta nkhungu tili paliponse. Timauluka mumpweya, timalowera pazenera, timabwera pa zovala ndi pa ubweya wa ziweto, ndipo n'tating'ono moti diso silitiona. Palibe nyumba yopanda timbewuti, choncho kulimbana nato n'kutaya nthawi. Kuti timere timafuna chakudya, chinyezi, ndi nthawi pang'ono. Chakudya chake ndi fumbi la m'nyumba, lomwe ndi msakanizo wa timaulusi ta nsalu, timamba ta khungu lathu lomwe, ndi zina zotero. Fyuluta ya eyakoni ya pakhoma ndi kaukonde chabe; imagwira zikuluzikulu, koma fumbi losalala limadutsa n'kukamatirira pa koyilo yonyowa ndi pa timapiko ta fani. Nthawi imene nkhungu imafuna ndi yochepa mochititsa mantha. Bungwe loona za chilengedwe la ku America, EPA, limalangiza kuti chinthu chonyowa chiumitsidwe pasanathe maola 24 mpaka 48 ngati sitikufuna kuti chichite nkhungu. Limanenanso kuti chinyezi cha m'nyumba chisafike 60 peresenti, ndipo chikakhala pakati pa 30 ndi 50 ndiye bwino kwambiri.

Tsopano taganizani zimene ndinkachita ine. Makina agwira ntchito usiku wonse, koyilo yanyowa, kathireyi kali ndi madzi, fani yachita mame. M'mawa ndadina batani, kachitseko kaja katsekeka bwinobwino, mkatimo mwada, mphepo yasiya kuyenda, ndipo pamene dzuwa likukwera bokosilo likuyamba kufunda. Mdima, chinyontho, kufunda ndi fumbi, kwa maola khumi ndi awiri, tsiku ndi tsiku. Munthu wofuna kulima nkhungu mwadala sakanakonza munda woposa pamenepa.

Mankhwala ake ndi otsika mtengo mpaka ndinachita manyazi. Musanazimitse, sinthani makina kuchoka pa Cool kupita pa Fan, kuti kompuresa, injini yopopa gasi wozizira uja, iime koma mphepo izingoyenda, ndipo muwasiye choncho kwa theka la ola kapena ola lathunthu. Mphepoyo imaumitsa koyilo ndi fani. Magetsi amene fani yokha imadya ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi a kompuresa. Makina ambiri a masiku ano ali ndi batani lochitira zimenezi okha, pena lolembedwa Self Clean, pena dzina lina malinga ndi kampani. Pa rimoti yanga linalipo chigulireni, ine n'kumaliona ngati chokongoletsera.

Koma apa pali kamsampha, ndipo ndinagweramo mlungu woyamba womwe. Nditamva kuti fani imaumitsa, ndinaganiza kuti bola izingozungulira nthawi zonse. Iyayi. Madzi amene akuuma pa koyilo sapita kumwamba. Amabwerera m'chipinda momwemo. Fani ikamazungulira mosalekeza pamene kompuresa ikuima n'kuyambanso, madzi omwe makina anavutikira kukama amawabwezeranso mumpweya asanatsikire m'paipi, ndipo chipinda chimakhala chozizira koma chonyowa. N'chifukwa chake m'nyumba zokhala ndi makina aakulu otumiza mpweya m'zipinda zonse, fani imayenera kukhala pa Auto osati pa On. Kuumitsa ndi ntchito ya pomaliza, mukamaliza kuziziritsa, ndipo ngati kunja kuli kouma tsegulani zenera kuti chinyezicho chipeze potulukira.

Mmisiri uja atachotsa chivundikiro chonse anandiitana kuti ndidzaone kathireyi. Munali madzi osayenda, pansi pake pali zonanda zoterera ngati ndere za pachitsime. Anatenga botolo la madzi n'kuthira pang'onopang'ono m'kathireyimo, n'kunditumiza panja kuti ndikaone ngati akutuluka. Ndinaima kumeneko mpaka kutopa. Kunangogwa timadontho towerengeka. Titatsatira paipi tinapeza kuti amene anaika makinawa anaisiya itagwa mimba pakati, kenako n'kukweranso pang'ono isanatuluke pakhoma. Amati madzi saiwala khwawa, koma khwawalo liyenera kutsetsereka. Paipi yotulutsa madzi ilibe pampu pa makina ambiri a m'nyumba. Imadalira kutsika kokha, kuchokera pa kathireyi mpaka kumapeto. Pamene yagwa mimba pamakhala chithaphwi, m'chithaphwimo mumamera zonanda, zonandazo zimatseka njira, madzi n'kubwerera m'kathireyi. Mukadzaona eyakoni ikudontha m'nyumba, kapena khoma la pansi pake lasintha mtundu, kawirikawiri nkhani yake imakhala imeneyi. Ndipo khoma lonyowa, siling'i yonyowa kapena kapeti yonyowa ndi munda wa nkhungu waukulu kuposa makina enieniwo.

Kuyesa kwa botolo la madzi kuja aliyense atha kukuchita, ndipo ine ndimakuchita kamodzi pamwezi m'nyengo imene makina akugwira ntchito kwambiri. Ndikatero ndimathiramonso viniga woyera pang'ono kuti zonanda zisakhazikike. Kumapeto kwa paipi kuzikhala polendewera, osati konyikidwa m'ndowa yodzaza kapena kolowetsedwa m'ngalande ya madzi oipa, chifukwa fungo la kumeneko limakwera ndi paipi yomweyo n'kudzakupezani pabedi.

Za mafyuluta omwe ndinkanyadira aja, nakonso ndinali ndi mlandu. Ndinkawatsuka pampopi, kuwakutumula kawiri katatu, n'kuwabwezera pompo akudontha. Ayenera kuuma kaye gwa, pamthunzi, chifukwa dzuwa lamphamvu limapinda pulasitiki yake. M'nyengo yogwiritsa ntchito makina tsiku lililonse, kutsuka pa milungu iwiri iliyonse sikuchuluka. Fyuluta yotsekeka ndi fumbi imachepetsa mphepo yodutsa pa koyilo, koyilo imazizira mopitirira mpaka kuundana madzi, ndipo madzi oundanawo akasungunuka nthawi imodzi kathireyi kamasefukira.

Cholakwa changa chachikulu, chomwe sichikonzeka ndi burashi, ndinachichita tsiku logula. Ndinasankha makina amphamvu kuposa kukula kwa chipinda, poganiza kuti chachikulu ndiye chabwino. Makina oposa chipinda amachiziziritsa m'mphindi zochepa, kompuresa n'kuima isanakame madzi okwanira. Kutentha kumatsika msanga, chinyezi n'kutsalira. Mumamva kuzizira konyowa, mapepala pa tebulo amafewa, zofunda zimakhala ngati sizinaume bwino. Munthu akamva choncho amatsitsanso madigiri pa rimoti mpaka 16, poganiza kuti makina afooka, ndipo apo ndiye pulasitiki ya potulukira mphepo imazizira kwambiri n'kuyamba kuchita thukuta, pomwe mwana wanga anaona nyerere paja. Makina a inverter amathandizako chifukwa kompuresa yake imachepetsa liwiro m'malo moima, koma nawonso akakula mopitirira vuto silitheratu. Ine popeza ndinagula kale, ndimakhala pa madigiri 24 kapena 25, ndipo tsiku lomwe kunja sikukutentha kwenikweni koma mpweya uli wolemera, ndimaika pa Dry. Pamenepo fani imayenda pang'onopang'ono, mpweya umakhalitsa pa koyilo, ndipo madzi ambiri amatsala. Amene simunagule, muuzeni mmisiri ayeze chipinda, aone mazenera ndi mbali imene dzuwa limawomba, musanatulutse ndalama.

Ndinagulanso kachipangizo koyezera chinyezi, kakang'ono ngati kawotchi ka patebulo. Kanandiphunzitsa zinthu zomwe palibe akanandiuza n'kumukhulupirira. Chitseko cha kubafa chikasiyidwa chotsegula munthu atasamba madzi otentha, nambala imakwera ukuona. Zovala zoyanika m'chipinda nthawi ya mvula, chimodzimodzi. Zenera losiyidwa pang'ono makina akulira "kuti muzilowa kamphepo kabwino", lomwe linali khalidwe la mayi a kunyumba, limangobweretsa chinyezi chatsopano chosatha, makina n'kumakama madzi a dziko lonse. Tinakanganapo pa nkhani imeneyi, koma kachipangizo kaja ndiko kanaweruza, ndipo sindinanene kuti ndinawauza kale.

Kutsuka kwenikweni ndinakuonera kwa mmisiri, ndipo ndi ntchito yoyenera munthu wodziwa kamodzi pachaka. Choyamba anazimitsa magetsi pa swichi ya pakhoma, osadalira rimoti. Anavala masiki ndi magulovesi, n'kundiuza kuti mwana atuluke. Anakulunga ndi pulasitiki mbali imene kuli mawaya ndi kabolodi ka magetsi, anapachika thumba lalikulu pansi pa makina lokhala ndi kapaipi kolowa m'ndowa, kenako anapopera mankhwala otsukira koyilo n'kudikira. Atayamba kutsukuluza ndi madzi osathamanga kwambiri, zimene zinkatsikira m'ndowa zinali ngati madzi otsukira mbaula. Fani ija anaitsuka kapiko ndi kapiko, akuizunguza ndi chala. Timapepala ta aluminiyamu sanatikhudze ndi chinthu cholimba. Timapindika msanga, ndipo timacheka zala ngati lezala. Pomaliza anayatsa pa Fan, thaulo atalitchinga kutsogolo, makina n'kulavula madontho otsalira.

Ndinamufunsa ngati sizikanatheka kungopoperamo mankhwala a kolorini, oyeretsera zovala aja, n'kuthana nazo. Anandiyang'ana ngati ndatukwana. Kolorini amadya aluminiyamu ndi zitsulo zina za mkatimo, ndipo fungo lake mudzalipuma ndinu nomwe. Choopsa koposa ndi kusakaniza: kolorini akakumana ndi viniga amatulutsa mpweya wapoizoni, akakumana ndi amoniya chimodzimodzi. Safunsa anadya phula. Ine ndinali nditatsala pang'ono kuthira zonse ziwiri m'paipi imodzi. Komanso kupha nkhungu si kuichotsa. Nkhungu yakufa ikatsalira pa fani imapitirizabe kuyabwa mphuno ndi chifuwa, choncho iyenera kutsukidwa n'kutuluka. Za mafuta onunkhira omwe ndinkapopera pa mafyuluta milungu itatu ija, bola tisakambe. Ankangopanga fungo la maluwa ovunda.

Amene nyumba zawo zili ndi mapaipi akuluakulu a mpweya odutsa kudenga ali ndi nkhawa ina yowonjezera. Paipi yachitsulo chosalala imatsukika, koma ngati mkati mwake anayalamo zotchingira kutentha zofewa zonga thonje ndipo zanyowa n'kuchita nkhungu, zimenezo sizitsukika. N'zochotsa n'kuikamo zina. Mapaipi odutsa m'denga lotentha akapanda kukutidwa bwino amachita thukuta kunja, madzi n'kumadonthera pa siling'i. Palinso nyali za UV zomwe ena amaika pafupi ndi koyilo. Zimapha zomera pamalo pamene kuwala kwake kukufika, koma fumbi sizichotsa, paipi yotsekeka siziitsegula, ndipo m'ngodya zobisika sizifikamo. Ndimaziona ngati chokometsera cha munthu amene zina zonse wachita kale.

Anthu akaona zakuda amathamangira kunena za nkhungu yakuda yoopsa imene amaiwerenga pa intaneti, ya mtundu wa Stachybotrys. Imeneyo imakonda mapepala, makatoni ndi mabolodi a siling'i amene anyowa kwa masiku ambiri, osati pulasitiki ndi chitsulo. Zofala m'nyumba ndi Cladosporium, Penicillium ndi Aspergillus, ndipo mtundu wa maonekedwe suuza munthu kuti ndi iti. Sikofunikanso kudziwa dzina lake musanaichotse. Koma kuichepetsa n'kulakwa. Mu 2009 bungwe la zaumoyo padziko lonse, WHO, linatulutsa malangizo okhudza chinyontho ndi nkhungu m'nyumba, ndipo linanena kuti anthu okhala m'nyumba zoterezi amavutika kwambiri ndi kutsokomola, kubanika ndi matenda a m'njira zopumira, komanso kuti mphumu imakula. Aspergillus ndi yoopsa makamaka kwa anthu amene chitetezo cha m'thupi chatsika, ndi amene mapapo awo anatsala ndi mabala atadwala chifuwa chachikulu. Ngati m'nyumba muli munthu wotere, makina onunkha chuku asayatsidwe mpaka atatsukidwa, ndipo iyeyo asakhalepo potsuka. Ena amasokoneza nkhaniyi ndi matenda a Legionnaires, omwe anadziwika mu 1976 ku Philadelphia. Amenewo amayamba ndi bakiteriya wokhala m'madzi ofunda, monga a m'nsanja zoziziritsira madzi za nyumba zikuluzikulu, ndipo eyakoni ya pakhoma la kuchipinda ilibe nsanja yoteroyo.

Mwana uja ankadzuka m'mawa uliwonse akuyetsemula kasanu kasanu ndi kamodzi, ife n'kumati ndi chimfine cha kusukulu. Patatha mlungu makina atatsukidwa, mayi ake ndiwo anazindikira kuti mipango ya pamphuno yasiya kutha.

Nyengo yotentha ikatha ndipo makina akupita kokapuma kwa miyezi, ndimawasiya pa Fan kwa maola atatu kapena anayi tsiku louma, ndimatsuka mafyuluta, kenako ndimazimitsa pakhoma. Pobwerera ndimayamba ndi tochi, kuunika fani ija, ndisanadine Cool. Ndipo ndatengera chizolowezi china chomwe anzanga amandiseka nacho: makina akalira kwa ola, ndimazungulira kuseri kwa nyumba kukaona ngati paipi ikudontha.

Mlungu watha, madzulo ena a chinyezi choopsa, ndinapeza pansi pake pali pouma. Ndinagwada n'kusuzumira kukamwa kwa paipi. Mavu omanga ndi dothi aja anali atamatapo nyumba yawo, yosalala bwino ngati yopaka ndi chipande. Ndinathyola kawaya n'kutokosa kawiri, ndipo madzi onse a tsiku limenelo anandikhuthukira m'nsapato.